Lipoti: momwe migwirizano ya mabungwe a apantchito inakambirana za malipiro otsikitsitsa ku South Africa

Pa 1 Januwale 2019, dziko la South Africa linayamba kugwiritsa ntchito lamulo loti wantchito aliyense asalandire ndalama zochepera R20 (marandi 20) pa ola, kupatula magulu ochepa omwe anayambira pansi. Lipotili likutsata nkhaniyi kuchokera pomwe inayambira, ndi cholinga choonetsa ntchito yomwe mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa dziko lonse umagwira, komwe umatenga mphamvu zake, ndi malo omwe umaterereka. Tasankha nkhaniyi chifukwa anthu ambiri omwe lamuloli linawakwezera malipiro sanali mamembala a bungwe lililonse. Kulankhulira anthu otere ndi ntchito yomwe bungwe limodzi la mumgodi kapena la aphunzitsi silingaigwire palokha.

Kaimidwe ka mgwirizano

Munthu payekha salowa mgwirizano. Wa mumgodi amalowa NUM, mphunzitsi amalowa SADTU, wa m'sitolo amalowa SACCAWU, ndipo mabungwe amenewa ndi omwe ali mamembala a COSATU, mgwirizano womwe unakhazikitsidwa ku Durban pa 1 Disembala 1985 pa mfundo yoti mtundu umodzi wa ntchito ukhale ndi bungwe limodzi. Ndalama zimayenda njira yomweyo. Wantchito amasaina fomu yolola bwana kudula ndalama ya umembala pa malipiro, monga likunenera gawo 13 la lamulo la ubale wa pantchito la 1995, ndipo m'mabungwe ambiri ndalamayo imakhala 1 peresenti ya malipiro. Bungwe likalandira, limapereka gawo ku mgwirizano malinga ndi chiwerengero cha mamembala ake olipira. Chiwerengero chomwecho ndi chimene chimanena kuchuluka kwa nthumwi zomwe bungwe litumize ku msonkhano waukulu. Apa pali msampha wa mbali ziwiri: bungwe lofuna kulipira zochepa limabisa mamembala, pomwe lofuna mavoti ambiri chisankho chikayandikira limakokomeza. Ndiye komiti yotsimikiza nthumwi isamakhulupirire kalata ya mlembi wamkulu yokha. Izifunsa mabuku owerengedwa ndi akatswiri a zachuma, ndi kuwayerekeza ndi ndalama zomwe zalowadi ku akaunti ya mgwirizano.

Mgwirizano sukambirana malipiro a pa fakitale imodzi, ndipo suimira munthu pa mlandu wa kuntchito kwake. Izo ndi za bungwe. Ntchito yake ili pa malamulo, pa bajeti ya dziko, pa mikangano ya pakati pa mabungwe omwe akulimbirana mamembala, pa maphunziro a atsogoleri, ndi pa kuimira dziko ku msonkhano wa ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse lapansi, ku Geneva. Ku South Africa, bwalo lalikulu la ntchito imeneyi ndi NEDLAC, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994 ndi kutsegulidwa mu Febuluwale 1995. Kumeneko kumakhala mbali zinayi: boma, olemba ntchito, apantchito, ndi mabungwe a m'madera. Lamulo lake limati bilu iliyonse yokhudza ntchito ikambidwe kumeneko isanapite ku nyumba ya malamulo. Mpando umenewu sunabwere ngati mphatso. Unachokera pa sitalaka ya dziko lonse ya Novembala 1991 yokana msonkho wa VAT, yomwe inakakamiza boma la nthawiyo kutsegula bwalo lokambirana za chuma mu 1992. Pa nthawi ya nkhani yathuyi, mbali ya apantchito inali ndi migwirizano itatu: COSATU, FEDUSA ndi NACTU.

Chomwe chinabweretsa nkhaniyi pa tebulo

Lamuloli lisanabwere, malipiro otsikitsitsa ankaikidwa m'njira ziwiri. Ina inali ya makhonsolo okambirana malipiro a mtundu umodzi wa ntchito, monga wa zitsulo kapena wa zovala. Ina inali ya nduna ya zantchito, yomwe inkalengeza malipiro a magulu omwe mabungwe ndi ofooka: antchito a m'nyumba, a m'minda, alonda, a m'sitolo, a m'mahotela, okonza m'maofesi. Yemwe sankagwera mbali iliyonse mwa ziwirizi analibe malire a pansi.

Mu Ogasiti 2012 apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi ku Marikana, omwe ankafuna R12,500 pa mwezi. Chaka chisanathe, antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito pofuna R150 pa tsiku, pomwe lamulo linkati R69, ndipo nduna inakweza kufika pa R105 kuyambira Malichi 2013. Masitalaka awiri onsewa anayambira kunja kwa mabungwe akuluakulu, chomwe chinali chenjezo kwa COSATU yeniyeniyo. Mu 2014 mamembala a AMCU, bungwe lina la a mumgodi, ananyanyala ntchito miyezi isanu m'migodi ya platinamu. Choncho boma ndi olemba ntchito anabwera ku zokambirana akufuna masitalaka achepe komanso afupike, pomwe apantchito anabwera akufuna malire a pansi pa malipiro. Pa msonkhano wa ku Ekurhuleni mu Novembala 2014, womwe anatsogolera Cyril Ramaphosa ali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, nkhani ziwirizi zinaikidwa m'thumba limodzi. Zambiri zomwe zinavuta pambuyo pake zinachokera pa kumangiriza kumeneku.

Kupanga chiwerengero choti apite nacho

Ntchito yoyamba ya mgwirizano imachitika mkati, anthu asanaonane ndi mabwana. Mabungwe a mu mgwirizano umodzi safuna zofanana. A boma, monga aphunzitsi ndi anamwino, amalandira kale kuposa chiwerengero chilichonse chomwe chingakambidwe, ndiye nkhaniyi siwakhudza m'thumba. A zitsulo ndi a mumgodi amaopa kuti chiwerengero chotsika chidzakhala chida cha mabwana pa zokambirana zawo, kuti azidzati boma lomwe linanena kuti R20 ndi yokwanira. A zovala, makamaka m'mafakitale a kunja kwa mizinda ikuluikulu, amaopa kuti chiwerengero chokwera chitseketsa mafakitale. Antchito a m'nyumba ndi a m'minda, omwe nkhaniyi ndi yawo kwenikweni, ali ndi mabungwe ang'onoang'ono okhala ndi mavoti ochepa. Wokambirana m'malo mwa mgwirizano amayenera kutuluka m'chipindamo ndi zinthu zitatu zolembedwa mu mamineti: chiwerengero choyambira, chiwerengero chomwe sangatsike kupyola, ndi dzina la komiti yomwe ayenera kubwererako asanasaine. Akapanda kulemba chachiwiricho, mkangano umadzabuka atagwirana kale chanza ndi mabwana.

Kenako migwirizano itatu ija inayenera kumvana yokha, chifukwa ku NEDLAC mbali ya apantchito imalankhula ndi mawu amodzi. Inagwirizana pa R4,500 pa mwezi. Chiwerengerochi chinali ndi maziko: ofufuza a pa University of the Witwatersrand anawerengera kuti mu 2015 wantchito wosamala banja ankafunika R4,125 pa mwezi kuti banjalo lituluke mu umphawi. Olemba ntchito ankakokera pansi kwambiri, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri zokambirana sizinasunthe. Mu 2016 Ramaphosa anasankha gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Imraan Valodia, ndipo mu Novembala chaka chomwecho gululi linapereka R3,500 pa mwezi, kapena R20 pa ola. Linati antchito oposa 6 miliyoni ankalandira zochepera pamenepo.

Masamu a manambala awiriwa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Mwezi uli ndi masabata 4.33. Wogwira maola 40 pa sabata pa R20 amapeza R3,464, wogwira maola 45 amapeza pafupifupi R3,900, koma wogwira maola 20 amapeza R1,732 basi. Malipiro a pa ola amasiyira bwana khomo lotseguka: akhoza kutsatira lamulo bwinobwino n'kungodula maola, wantchito n'kumapita kunyumba ndi ndalama zomwe zija kapena zochepa. Ichi n'chifukwa chake mbali ya apantchito inalimbikira ndime ziwiri zooneka zazing'ono. Yoyamba imati munthu akaitanidwa ku ntchito tsiku limenelo alipidwe maola osachepera anayi, ngakhale atagwira awiri. Yachiwiri imati bwana wosintha yekha maola kapena mfundo zina za ntchito pofuna kuzemba lamuloli wachita mlandu wa nkhanza za pantchito. Panalinso nkhondo ya zomwe ziwerengedwe ngati malipiro. Lamulo linatsiriza kunena kuti ndalama ya mayendedwe, ya zida, ya chakudya, ya malo ogona, bonasi ndi ndalama zomwe makasitomala amapereka mwa kufuna kwawo siziwerengedwa. Kwa wantchito wa m'munda wokhala m'nyumba ya bwana, ndime imeneyi ndi yolemera kuposa randi imodzi kapena ziwiri zowonjezera pa ola.

Kusaina

Mu Febuluwale 2017 mbali zonse zinamvana pa R20, ndipo lamulo linadzaika magulu atatu oyambira pansi: a m'minda R18, a m'nyumba R15, ndi a ntchito zachitukuko za boma za EPWP R11. FEDUSA ndi NACTU anasaina. COSATU inakana kusaina tsiku limenelo, ponena kuti iyenera kaye kukanena ku komiti yake yaikulu momwe muli atsogoleri a mabungwe onse, ndipo inadzasaina pambuyo pake. Anthu ena anaona ngati kuzengereza, koma ndi momwe ziyenera kukhalira. R20 inali pansi pa zomwe nthumwi zinatumidwa kukatenga, ndipo wotumidwa sasintha uthenga ali m'njira. Mlembi wamkulu wosaina payekha amadzapeza kuti mabungwe omwe amayenera kukafotokozera mamembala awo akumukana poyera.

Panali chinthu china chomwe chinkapangitsa kukayikira. COSATU ili pa ubale wa ndale ndi chipani cha ANC, ndipo mu Novembala 2016, mwezi womwewo gulu la Valodia linatulutsa lipoti, COSATU inalengeza kuti ikufuna Ramaphosa adzatsogolere chipanicho. Ramaphosayo ndi yemwe anali mlembi wamkulu woyamba wa NUM. Kaya izi zinakhudza zokambirana kapena ayi, zinapatsa otsutsa mawu okonzeka kale, oti mgwirizano walola zochepa pofuna kukometsa munthu wake.

Otsutsawo anali atatuluka kale m'nyumba. NUMSA, bungwe la a zitsulo lokhala ndi mamembala oposa 300,000, linasiya kuchirikiza ANC mu Disembala 2013 ndipo linachotsedwa mu COSATU mu Novembala 2014, mwezi womwe zokambiranazi zinkayamba. Zwelinzima Vavi anachotsedwa pa ulembi wamkulu wa COSATU mu Malichi 2015, FAWU, bungwe la ogwira ntchito za zakudya, inatuluka mu 2016, ndipo mu Epulo 2017 otulukawa anakhazikitsa mgwirizano wina, SAFTU. Mgwirizano watsopanowu sunali pa tebulo la NEDLAC pomwe pangano linkapangidwa, ndiye sunamangidwe nalo. Pa 25 Epulo 2018 unachititsa sitalaka ndi zionetsero m'mizinda ikuluikulu, ukunena kuti R20 ndi malipiro a ukapolo. Kuchotsa bungwe lalikulu chotere kumadula ndalama za mgwirizano mwezi womwewo, koma chopweteka kwambiri n'chakuti mabwana amadziwa kuti siginecha yanu siimitsanso sitalaka m'mafakitale omwe akuwadetsa nkhawa.

Mtengo wake

Pamodzi ndi R20 panabwera kusintha kwa lamulo la ubale wa pantchito. Malamulo a mabungwe anayenera kunena kuti voti ya sitalaka ikhale yachinsinsi ndi yolembedwa. Mfundo za momwe onyanyala aimire pa geti zinayenera kukhazikitsidwa chikalata chololeza sitalaka chisanatuluke. Bungwe loyanjanitsa la CCMA linapatsidwa mphamvu yokhazikitsa gulu lopereka malangizo pa sitalaka yotalika kapena ya ziwawa. Okambirana m'malo mwa COSATU ankati voti inalipo kale m'malamulo a mabungwe, ndipo gawo 67 limanenabe kuti kusavota sikuchotsa chitetezo cha sitalaka. Pa pepala ankanena zoona. Koma mu 2019 khothi la zantchito linaletsa sitalaka ya NUMSA chifukwa panalibe voti yachinsinsi, ndipo panafunika khothi la apilo mu 2020 kuti ligwetse chigamulocho. Gwero la vutoli linali ndime ya nthawi ya kusintha, yomwe inalembedwa mosamveka bwino za tsiku lomwe udindo wovota uyambire. Ndime zoterezi zimakhala kumapeto kwa bilu ndipo zimawerengedwa anthu atatopa.

Bungwe lokhala ndi mamembala m'mashifiti atatu ndi m'malo makumi angapo limafunika kaundula wa mamembala wokonzedwa bwino, mabokosi, owerengera, ndi masiku angapo kuti voti ichitike. Umenewu ndi mtengo weniweni, ndipo amaulipira ndi mamembala olipira ndalama ya umembala, pomwe phindu la R20 linapita kwambiri kwa omwe si mamembala. Ife tikuona kuti kusinthanaku kunali koyenera. Cholakwa chinali kusafotokozera mamembala msanga, m'misonkhano ya m'madera, kuti apereka chiyani ndipo apeza chiyani, mpaka SAFTU inayamba ndiyo kufotokoza m'njira yake.

Pakati pa NEDLAC ndi nyumba ya malamulo

Pangano si lamulo. Likachoka pa tebulo limapita kwa olemba mabilu a boma, ndipo mawu amasintha. Bilu yomwe inafika ku nyumba ya malamulo kumapeto kwa 2017 inali itachepetsa tanthauzo la wantchito, kusiya kunja anthu omwe mabwana amawalemba ngati odziimira okha pomwe akugwira ntchito ngati aliyense. Bilu inzake inkafuna kuthetsa pang'onopang'ono malipiro olengezedwa ndi nduna aja, omwe m'magulu ena ali pamwamba pa R20 ndipo amanenanso za maola ndi tchuthi. Migwirizano ndi ofufuza anakadandaula ku komiti ya aphungu, ndipo zonse ziwiri zinakonzedwa. Lamulo lomwe linatuluka limati wantchito ndi munthu aliyense wogwirira wina ntchito ndi kulandira, kapena woyenera kulandira, malipiro. Njira yogwirira zoterezi ndi yotopetsa koma ndi imodzi yokha: munthu mmodzi akhale ndi pangano, wina ndi bilu, awerenge ndime ndi ndime, ndipo abwereze nthawi iliyonse komiti ikatulutsa bilu yosinthidwa. Ngakhale choncho cholakwika chimodzi chinapulumuka. Ndime yoti chitetezo cha osinthiridwa maola chiwerengedwe kuyambira 1 Meyi 2017 inaloza nambala yolakwika ya ndime ina, ndipo panafunika lamulo lapadera mu 2020 kuti likonze nambalayo.

Kuchedwa kunadyanso ndalama. Lamuloli linayenera kuyamba pa 1 Meyi 2018, koma aphungu analivomereza kumapeto kwa mwezi umenewo, mtsogoleri wa dziko anasaina mu Novembala, ndipo linayamba mu Januwale 2019 lili pa R20 yomwe ija ya Febuluwale 2017. Kukweza koyamba, kufika pa R20.76, kunachitika pa 1 Malichi 2020. Zaka zitatu chiwerengero chili malo amodzi mitengo ya zinthu ikukwera. Pangano linalibe ndime yoti tsiku loyambira likasuntha, chiwerengero chikwere molingana ndi kukwera kwa mitengo. Wokambirana aliyense wolola chiwerengero chodzayamba mtsogolo aziika ndime imeneyi, chifukwa kalendala ya nyumba ya malamulo siili m'manja mwake.

Lamulo litayamba

Lamuloli linakhazikitsa komishoni younika malipirowa chaka ndi chaka, yokhala ndi wapampando, anthu atatu a mbali ya apantchito, atatu a olemba ntchito, atatu a mabungwe a m'madera ndi akatswiri atatu oima paokha. Apa ndi pomwe kupirira kwa migwirizano kunabala zipatso zooneka. A m'minda anafanana ndi ena onse mu Malichi 2021 pa R21.69, ndipo a m'nyumba mu Malichi 2022 pa R23.19. Kuchoka pa R15 kufika pa R23.19 m'zaka zitatu ndi kukwera kopyola theka, kwa gulu lomwe silingachite sitalaka yoti dziko limve, popeza aliyense ali yekha m'nyumba ya bwana wake. Chiwerengero chinafika pa R27.58 mu 2024 ndi R28.79 mu Malichi 2025.

Kutsatitsa lamulo ndi mbali yomwe yatsalira. Wantchito wolandira zochepera akhoza kupita ku CCMA kukafuna ndalama zake, woyendera malo a ntchito akhoza kulamula bwana kulipira, ndipo chindapusa chimafika kawiri ndalama zomwe bwana anabisa kapena kawiri malipiro a mwezi a wantchitoyo, kutengera chomwe chili chachikulu. Bwana wovutika akhoza kupempha kuti amukhululukire kwa nthawi yosapyola chaka, osatsika kupyola 10 peresenti, ndipo ayenera kuonetsa mabuku ake a ndalama komanso umboni woti wakambirana ndi bungwe kapena ndi antchito ake. Pomwe pali nthumwi ya bungwe, njirazi zimagwira: imasonkhanitsa mapepala a malipiro a miyezi ingapo, imawerengera maola, imachotsa ndalama za mayendedwe ndi za chakudya, n'kugawa zotsalazo ndi maola kuti ione ngati zikufika pa chiwerengero cha chakacho. Pomwe palibe bungwe, mlandu umafera poyambirira, chifukwa wantchito alibe pepala la malipiro, sanalembe maola ake, ndipo akudziwa kuti akadandaula mawa adzauzidwa kuti ntchito yatha. Ofufuza a pa University of Cape Town, atayang'ana chaka choyamba, anapeza kuti ntchito sizinathe mwaunyinji monga ankaopera olemba ntchito, koma anthu ambiri ankalandirabe pansi pa R20.

Choti mgwirizano uchite pamenepa n'chodziwika ngakhale chili chodula: maofesi ake a m'zigawo alandire madandaulo a anthu omwe si mamembala, agawire antchito a m'nyumba ndi a m'minda kabuku kolembamo tsiku, nthawi yolowera ndi yotulukira, aphatikize milandu ya pa munda umodzi kuti pasakhale dzina limodzi loonekera, ndipo mabungwe olemera athandize ang'onoang'ono ndi galimoto, loya ndi wolemba mamembala. Chida china ndi gawo 77 la lamulo la 1995, lomwe limalola mgwirizano kuchita sitalaka yotetezedwa pa nkhani za chuma ndi umoyo wa antchito: umalembera NEDLAC, nkhaniyo imakambidwa, ndipo ikakanika umapereka chidziwitso cha masiku 14. Onyanyala sachotsedwa ntchito koma salipidwa tsiku limenelo, choncho chida chimenechi chikagwiritsidwa ntchito pafupipafupi anthu amasiya kutuluka. Gulu lomwe likudikirabe ndi la EPWP, lomwe bwana wake ndi boma lenilenilo: mu Malichi 2025 linali pa R15.83 pa ola, kungopyola pang'ono theka la chiwerengero cha ena onse.